Wakuba amalowera kunthambi: zomwe zidagwera Maersk mu 2017

Masana a Lachiwiri pa 27 June 2017, ogwira ntchito kulikulu la kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk mumzinda wa Copenhagen ku Denmark adangoona makompyuta awo akuzima n'kuyakanso okha. Pagalasi padatuluka uthenga woti mafayilo onse atsekedwa, ndipo wofuna kuti atsegulidwe alipire $300 mu ndalama ya pa intaneti ya bitcoin. Patangotha maola ochepa, kampani yomwe inkanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a katundu wa m'makontena padziko lonse idali yopanda imelo, mafoni a muofesi adasiya kugwira ntchito, ndipo panalibe wodziwa chomwe chili m'kontena iliyonse padoko.

Vutoli silidayambire kulikulu. Malinga ndi nkhani yofufuza yomwe magazini ya Wired idalemba mu 2018, lidalowera pa kompyuta imodzi yokha mu ofesi ya kampaniyi ku Odesa, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ku Ukraine. Panthawiyo Maersk idali ndi maofesi 574 m'maiko 130. Imodzi mwa maofesiwo idakwanira kugwetsa onse.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa aliyense amene malipiro ake amadzera kubanki yokhala ndi nthambi m'maboma, amene amagula m'sitolo zokhala ndi nthambi m'mizinda ingapo, kapena amene bungwe lake lili ndi maofesi kumadera akutali. Phunziro lake ndi lakuti chitetezo cha makompyuta a kampani chimayezedwa ndi nthambi yomwe ili yofooka kuposa zonse, osati ndi zipangizo zodula zomwe zili kulikulu.

Mmene nthambi zimalumikizirana ndi likulu

Kuti wogwira ntchito kunthambi aone akaunti ya kasitomala, alembe lisiti kapena atumize lipoti, kompyuta yake iyenera kulankhulana ndi makompyuta akuluakulu osunga zinthu, otchedwa maseva, omwe kawirikawiri amakhala kulikulu. Kale makampani ambiri ankachita lendi mizere yawoyawo kuchokera ku makampani a zamtokoma ndi mafoni. Njirayi ndi yodula, choncho ambiri adayamba kudutsitsa uthenga wawo pa intaneti wamba pogwiritsa ntchito VPN, yomwe imabisa uthenga kuti wina aliyense wougwira panjira asathe kuuwerenga. Masiku ano kulinso njira yotchedwa SD-WAN, yomwe imalola akatswiri a kulikulu kuyendetsa zipangizo za nthambi zonse ali pamalo amodzi, ndipo imasankha yokha pakati pa fayiba, netiweki ya mafoni kapena setilaiti malinga ndi momwe zikugwirira ntchito.

Njira zonsezi zimateteza uthenga uli paulendo. Sizifunsa ngati kompyuta yomwe yautumiza ili bwinobwino kapena yalowedwa kale ndi akuba. Kwa zaka zambiri, makampani ankamanga netiweki zawo ngati nyumba ya mpanda wautali wokhala ndi mlonda pageti, koma zitseko zonse zam'kati zili pululu. Aliyense amene ali m'kati ankayesedwa wapakhomo. Nthambi ikalumikizidwa, imakhala m'kati mwa mpandawo, ngakhale ili pamtunda wa makilomita masauzande ambiri ndipo kulibe katswiri wa makompyuta ngakhale mmodzi.

Zomwe zidachitika ku Odesa

Ku Ukraine, makampani ambiri ankagwiritsa ntchito pulogalamu ya M.E.Doc polemba ndi kutumiza malipoti a misonkho kuboma. Ofesi ya Maersk ku Odesa idaika pulogalamuyi pa chifukwa chomveka: inkafunika pa ntchito ya m'dzikolo. Zomwe sadadziwe n'zakuti achiwembu adali atalowa kale m'maseva a kampani yopanga M.E.Doc. Pa 27 June, adagwiritsa ntchito njira yomwe pulogalamuyi imalandirira zosintha zatsopano kutumiza vayirasi yomwe pambuyo pake idatchedwa NotPetya. Palibe wogwira ntchito amene adafunikira kutsegula imelo yachinyengo. Vayirasiyo idabwera kudzera pakhomo lomwe aliyense ankalikhulupirira.

Italowa, idafalikira pogwiritsa ntchito zida ziwiri. Choyamba chidali EternalBlue, njira yothyolera makompyuta a Windows yomwe idabedwa ku bungwe la zaukazitape la America la NSA n'kutayidwa poyera mu April 2017. Kampani ya Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chotseka bowo limeneli mu March chaka chomwecho, koma makompyuta ambiri padziko lapansi adali asadalandire chigambacho. Chida chachiwiri chinkatola mayina ndi mapasiwedi a anthu omwe adagwiritsapo ntchito kompyuta yogwidwayo. Ndi mapasiwedi amenewo, vayirasi inkalowa ngakhale m'makompyuta omwe adali ndi chigamba, chifukwa inkaoneka ngati wogwira ntchito wovomerezeka. Ikapeza pasiwedi ya woyang'anira netiweki, zitseko zonse zinkatseguka.

Uthenga wofuna $300 udali chiphimbamaso. NotPetya idapangidwa kuti iononge, ndipo ngakhale wolipira sakadabwezeredwa kanthu. Mu February 2018, maboma a Britain ndi America adati chiwembuchi chidakonzedwa ndi asilikali a Russia pofuna kupweteka Ukraine, koma Russia idakana. Maersk siyo idali chandamale. Idangopsa nawo chifukwa idali ndi ofesi m'dziko lomwe munali mkangano.

Mwa madoko 76 omwe kampaniyi inkayendetsa, 17 adaima. Makompyuta a m'sitima zenizenizo sadakhudzidwe, koma mageti a m'madoko adaleka kuzindikira magalimoto onyamula katundu, moti mizere ya mathiraki idatalika kunja kwa madoko monga la Elizabeth ku New Jersey. Ogwira ntchito adayamba kulandira maoda kudzera pa WhatsApp ndi maimelo awoawo, ndipo zina ankalemba pamanja.

Chipulumutso chidachokera ku kuthima kwa magetsi

Akatswiri omwe adasonkhana ku Maidenhead, kufupi ndi London, kuti amangenso netiwekiyo adapeza kuti zosunga zapadera za maseva ambiri zidalipo. Chomwe chidasowa chidali kaundula wamkulu. Mu netiweki ya kampani yaikulu mumakhala maseva otchedwa domain controller, omwe amasunga mndandanda wa ogwira ntchito onse, makompyuta onse ndi zomwe aliyense ali ndi chilolezo chotsegula. Popanda kaundulayu, zina zonse zimakhala ngati nyumba zokhoma zopanda makiyi.

Maersk idali ndi maseva otere pafupifupi 150 m'maiko osiyanasiyana, ndipo onse ankakoperana zomwe akusunga. Ganizo lidali lakuti imodzi ikaonongeka, inzake idzailowa m'malo. Palibe adakonzekera tsiku loti onse adzafufutidwa nthawi imodzi. Popeza onse adali olumikizana, onse adapita.

Atafunsa ofesi ndi ofesi, adapeza seva imodzi yotsala kumadzulo kwa Africa, mu ofesi yomwe Wired idati ndi ya ku Ghana. Magetsi adali atathima kumeneko vayirasi isadafike, ndipo sevayo idakhala yosalumikizidwa panthawi yonse ya chiwembucho. Koma intaneti ya ofesiyo idali yochedwa kwambiri moti kutumiza zomwe zidali m'sevayo kukadatenga masiku, ndipo mwa ogwira ntchito kumeneko panalibe amene adali ndi viza ya ku Britain. Motero mmodzi adakwera ndege ndi chosungiracho mpaka ku Nigeria, komwe adachipereka kwa mnzake pabwalo la ndege, ndipo mnzakeyo ndiye adapita nacho ku London.

Mu January 2018, wapampando wa kampaniyi, Jim Hagemann Snabe, adauza msonkhano wa World Economic Forum ku Davos kuti adaikanso mwatsopano maseva 4,000, makompyuta 45,000 ndi mapulogalamu 2,500 m'masiku khumi, ndipo kampaniyi idataya ndalama zapakati pa $250 miliyoni ndi $300 miliyoni. Boma la America lidati NotPetya idaononga chuma choposa $10 biliyoni padziko lonse, kuphatikizapo ku makampani monga Merck ndi FedEx.

Nthambi idalowetsa tsoka, nthambi inanso idabweretsa chipulumutso. Kusiyana kwake n'kwakuti ya ku Odesa idali yolumikizidwa ku china chilichonse popanda chotchinga, pamene inayo idali yodulidwa. Koma kudulidwako kudali kwa mwayi chabe, ndipo kampani siingadalire kuti magetsi adzathima pa ola loyenera.

Khomo la ogwirira ntchito kutali

Kupatula nthambi zokhala ndi nyumba ndi chikwangwani, makampani alinso ndi anthu olowa mu netiweki ali kunyumba, kuhotela kapena kumunda. Aliyense wa iwo ali ngati kanthambi ka munthu mmodzi. Mu May 2021, kampani ya Colonial Pipeline, yomwe imapopa mafuta a galimoto ndi a ndege kuchokera ku Texas kupita kum'mawa kwa America, idatseka mapaipi ake kwa masiku angapo akuba atalowa m'makompyuta ake. Malo ambiri omwetsera mafuta adauma, ndipo kampaniyi idalipira dipo la pafupifupi $4.4 miliyoni.

Mkulu wake wa panthawiyo, Joseph Blount, adauza aphungu a Senate kuti akubawo adalowera pa akaunti yakale ya VPN yomwe inkangofuna pasiwedi basi, popanda chitsimikizo china. Akauntiyo sinkagwiritsidwanso ntchito, koma palibe adaitseka. Apa sipadafunike chida chobedwa kwa akazitape. Padangofunika kiyi woiwalika pachitseko chomwe eni nyumba adasiya kuchiyang'ana.

Zomwe zimateteza nthambi

Ntchito yoyamba ndi kalembera. Likulu liyenera kudziwa kompyuta iliyonse, rauta, pirinta, kamera ndi pulogalamu iliyonse yomwe ili kunthambi. Nthambi zimakhala ndi zosowa zawozawo, monga pulogalamu ya misonkho ya ku Odesa ija, ndipo likulu likachedwa kuyankha, anthu amadzipezera njira. Wina amagula rauta yotchipa kumsika kuti Wi-Fi ifike kuchipinda chakumbuyo, wina amaika pulogalamu yaulere yomwe waipeza pa intaneti. Chomwe likulu silikuchidziwa silingachiteteze. Mankhwala ake si kuletsa kokha, koma kuyankha msanga zopempha za nthambi kuti anthu asakhale ndi chifukwa chobisira.

Yachiwiri ndi kugawa netiweki m'zigawo. Osamala nkhalango ya paini amalambula mizere pakati pa minda ya mitengo, osati chifukwa choti moto sudzabuka, koma kuti ukabuka uthere m'munda umodzi. Mu netiweki, mizere imeneyi imapangidwa ndi zipangizo zotchedwa firewall, zomwe zimalola uthenga wofunika wokha kudutsa. Kompyuta ya kalaliki wa nthambi ina iyenera kufika pa seva ya ntchito yake yokha. Palibe chifukwa choti izilankhulana ndi kompyuta ya kalaliki wa nthambi inanso, kapena ndi makina olipirira malipiro. M'kati mwa nthambi momwemo, Wi-Fi ya alendo, makamera, makina olandirira makadi ndi makompyuta a muofesi ziyenera kukhala m'zigawo zosiyana. Pulogalamu yomwe ikufunika m'dziko limodzi lokha ikhoza kuikidwa pa kompyuta yakeyake yosafika kwina kulikonse.

Yachitatu ndi kuleka kukhulupirira munthu chifukwa choti ali m'kati. Akatswiri amatcha mfundoyi zero trust. Tanthauzo lake n'lakuti pempho lililonse lotsegula chinthu limafunsidwa mafunso omwewo, kaya lachokera kulikulu, kunthambi kapena kunyumba: wopemphayo ndani, kompyuta yake ndi ya kampani komanso yosamalidwa, ndipo ntchito yake ikufunadi chinthucho? Pamwamba pa pasiwedi pamafunika chitsimikizo chachiwiri, monga nambala yosinthasintha ya pa pulogalamu ya pafoni kapena kachipangizo kolowetsa pa kompyuta. Munthu akachoka pantchito kapena kontirakitala akamaliza ntchito yake, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo.

Yachinayi ikukhudza maakaunti a oyang'anira netiweki. Katswiri wa kulikulu akalowa pa kompyuta ya kunthambi ndi akaunti yake yamphamvu kuti akonze pirinta, amatha kusiya mapazi omwe vayirasi ngati NotPetya imatola. N'chifukwa chake maakaunti otere ayenera kukhala ochepa, ogwiritsidwa ntchito pa makompyuta osankhidwa okha, ndipo pasiwedi ya woyang'anira isakhale imodzimodzi pa makompyuta onse.

Yachisanu ndi zigamba. Bowo la EternalBlue lidali ndi chigamba kwa miyezi itatu NotPetya isadafike. Kunthambi ndiko zigamba zimachedwa kwambiri, chifukwa intaneti imakhala yochepa mphamvu, makompyuta amakhala akale, ndipo bwana wa nthambi safuna kuimitsa ntchito makasitomala ali pamzere. Njira imodzi ndi kukhala ndi kompyuta imodzi kunthambi yolandira zigamba usiku n'kugawira zinzake. Zipangizo za VPN ndi ma firewall nazonso zimafuna zigamba, ndipo ziyenera kukhala patsogolo chifukwa ndizo zimayang'ana kunja. Makina akale omwe sangalandirenso chigamba apatulidwe m'chigawo chawochawo mpaka atasinthidwa.

Yachisanu ndi chimodzi ndi yomwe seva yopulumuka ija idaphunzitsa: kusunga kope lomwe silili pa netiweki. Makope omwe amakoperana okha nthawi zonse amateteza ku moto kapena kuonongeka kwa makina, koma sateteza ku vayirasi yoyenda pa netiweki yomweyo. Pamafunika kope lodulidwa mwadala, kapena losungidwa mwanjira yoti silingasinthidwe, ndipo liphatikize kaundula wamkulu uja. Kope lomwe silidayesedwepo ndi chiyembekezo chabe. Kampani iyenera kuyesa kubwezeretsa zinthu nthawi ndi nthawi, n'kuwerenga maola omwe zikutenga, makamaka komwe intaneti ndi yochedwa.

Anthu ndi zitseko zenizeni

Kulikulu, maseva amakhala m'chipinda chozizira chokhoma bwino. Kunthambi, rauta imatha kukhala pansi pa desiki ya polandirira alendo kapena m'kabati momwe mumasungidwanso tiyi ndi shuga. Munthu wovala yunifolomu ya kampani ya intaneti akafika n'kunena kuti wabwera kudzakonza, ndi ochepa amene amaimba foni kulikulu kuti atsimikize. Kabati yokhoma, kutseka mabowo a netiweki omwe sakugwira ntchito, kuletsa ma flash disk osadziwika ndi lamulo loti mlendo aliyense wokhudza zipangizo atsimikizidwe kaye, zonsezi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi zomwe zimatetezedwa.

Wogwira ntchito kunthambi ndiye amayamba kuona zachilendo. Ngati akuopa kudzudzulidwa, amabisa, ndipo maola omwe akadapulumutsa kampani amatayika. Ayenera kudziwa nambala yoimba, ndipo nambalayo ikhale yolembedwa papepala, chifukwa tsiku la tsoka kompyuta yosunga manambala imakhala itazima. Likulu nalo liyenera kulandira malipoti a zipangizo za nthambi zonse usana ndi usiku, komanso kukhala ndi munthu wopatsidwa mphamvu zodula nthambi pa netiweki nthawi yomweyo popanda kudikira msonkhano wa mabwana. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo NotPetya idafalikira mwaliwiro loti pomwe anthu ankathamanga kuzula mawaya, makompyuta ambiri adali atapita kale.

Nthambi iliyonse ifunikanso kudziwa momwe ingatumikire anthu kwa tsiku limodzi kapena sabata popanda netiweki: mafomu a pamanja ali kuti, malire a ndalama zomwe zingaperekedwe ndi otani, ndipo zolembedwazo zidzalowetsedwa bwanji makina akadzabwerera.

Nkhaniyi siili kutali

Dziko la Malawi lilibe doko la panyanja yamchere, choncho katundu wake wambiri amadzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Mu July 2021, kampani ya boma la South Africa ya Transnet idagwidwa ndi chiwembu cha pa makompyuta chomwe chidasokoneza madoko a makontena kuphatikizapo Durban ndi Cape Town, mpaka idalengeza kuti siingathe kukwaniritsa mapangano ake ndi makasitomala kwa kanthawi. Makompyuta a doko akaima, wamalonda wa ku Limbe kapena Lilongwe amene akudikira kontena yake amamva kuwawa kwake.

M'dziko muno, mabanki, makampani a mafoni, masitolo akuluakulu, mabungwe ndi nthambi za boma ali ndi maofesi m'maboma omwe amadalira makompyuta a ku Blantyre kapena Lilongwe. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lidakhazikitsa gulu lothandiza pa ngozi za pa makompyuta pansi pa bungwe la MACRA, ndipo lamulo la Data Protection la 2024 limapereka udindo kwa osunga mbiri za anthu kuti aziziteteza. Udindowu suthera pageti la likulu. Mbiri ya kasitomala yobedwa kudzera pa kompyuta ya nthambi yaing'ono ndi yobedwa chimodzimodzi.

Zambiri mwa njira zomwe zatchulidwazi sizifuna ndalama zochuluka ngati za Maersk. Kutseka maakaunti akale, kuika chitsimikizo chachiwiri, kupatula Wi-Fi ya alendo ndi kusunga kope lodulidwa ndi ntchito zomwe kampani yapakatikati ingayambe mwezi uno. Zomwe zimasowa kawirikawiri ndi munthu wopatsidwa udindo wa nthambi, komanso bajeti yoti akafike kumeneko. Bodi iliyonse ingayambe ndi mafunso awiri kwa mkulu wake wa zamakompyuta: kompyuta imodzi ya nthambi yakutali kwambiri italowedwa lero, wakubayo angafike pati, ndipo zonse zitafufutidwa usiku uno, kope lomwe lingadzutse kampani lili kuti?